Ulendo wa Njinga Umene Munkakonza

Bambo a Tadala, lero pa boma padutsa alendo pa njinga, ndiye ndakumbuka inu. Tsiku lija mukumata chubu pansi pa mtengo wa mango, munandiuza kuti mvula ikatha mudzatsogolera alendo m'mapiri mpaka ku Chipata, akaone nyumba zakale za atsamunda, ndipo inenso ndidzapita nawo. Ndinaseka n'kufunsa kuti, "Ndi mawondo angawa, zitunda ndidzakwera bwanji?" Inu munati, "Mudzatsika n'kukankha, amayi. Akutithamangitsa ndani?"

Mvula inatha inu mutatisiya kale. Koma musadandaule, amuna anga. Mwana wathu Tadala wakula, ndipo misewu yonseyo akuidziwa. Mwezi wamawa akutenga alendo ake oyamba. Dzulo anandigulira nsapato zopalasira njinga, ndipo zandikwana. Pumulani mumtendere.