Mabuku Khumi ndi Awiri a Adishonolo

Makiyi ankayamba kumveka mwiniwake asanaoneke. Aphunzitsi athu a masamu ankawamangirira pa lamba, mulu wonse, ndipo akamayenda pakhonde ankalira ngati tcheni cha ngolo pamsewu wa mabampu. Tsiku lina ndinawawerenga ali chiimire kutsogolo kwa desiki yanga: analipo khumi ndi asanu ndi awiri. Sukulu yathu, sekondale yoyendera chakumpoto kwa Nsaru, inali ndi zitseko zinayi zokha zokhala ndi loko. Enawo sindidziwa kuti ankatsegula chiyani, mwina ankangotsegula pakamwa pa anthu kuti azinena kuti kwabwera munthu wofunika.

Kiyi imodzi yokha ndiyo ndinali nayo chidwi, ya kabati ya mu ofesi. Mmenemo munali mabuku khumi ndi awiri a masamu owonjezera, amene tonse tinkangowatchula kuti adishonolo. Anabwera ngati mphatso ife tili Fomu 1, ndipo anakhala zaka ziwiri osatsegulidwa. Ndikatumidwa kukatenga choko ndinkawaona atandanda, zikuto zake zobiriwira.

Ndinkawafuna. Buku la masamu wamba ndinali nditalimaliza ndekha patchuthi, ndipo anyamata amene anabwera kudzayeza malo a mlatho kwathu anandiuza kuti amene akufuna ntchito ngati yawoyo asasiye adishonolo akaipeza. Kunyumba ndinalibe wina wondiuza zina. Ndinaleredwa ndi agogo, mayi awo a mayi anga, kuyambira ndili ndi zaka zinayi, ndipo iwo sukulu anangoiona kunja.

Sabata yoyamba ya Fomu 3 aphunzitsiwo analowa ndi nkhani.

"Masamu wamba nonse mulemba, amenewo sasankha. Koma chaka chino tikuyamba adishonolo. Mabuku alipo khumi ndi awiri, ndiye kuti anthu khumi ndi awiri. Tisankha poona mutu, osati nkhope."

M'kalasi tinalimo oposa makumi asanu ndi awiri. Sindinade nkhawa. Masamu ndinkatsogola ndine zaka zonse ziwiri, ndipo iwo ankadziwa bwino, ngakhale sindinkakweza dzanja m'kalasi. Akasonkhanitsa makope, ankayamba afufuza langa, n'kulitsegula pambali, kenaka n'kumachonga a ena akuyang'ana mmenemo. Ankaganiza kuti palibe akuona. Munthu ukakhala wosayankhula anthu amayesa kuti ndi maso omwe ulibe.

Sabata imeneyo pasukulu panabwera azibambo amene sanapondepo chitsegulire sukuluyo. Anabwera mkulu wa mpingo pa njinga yamoto. Anabwera bambo wina wogula soya ndi mtedza pa Nsaru, uja sikelo yake inkadziwika m'midzi yonse kuti imadya. Anabweranso apampando a komiti ya sukulu, aphunzitsi awiri a kupulaimale, ndi azibambo ena atatu. Palibe mwa iwo ankadziwa kuti adishonolo ndi chiyani. Anangomva kuti pali chinthu chochepa chimene ena apatsidwa ndipo ena amanidwa. Wa soya uja ndinamumva ndi makutu anga pansi pa mtengo wa mango, akuuza aphunzitsi athu aja kuti, "Wangayo atenge aakuluwo, aang'onowo asiyire anzake." Mwana wake ankakhala kumbuyo kwanga, ndipo theka kuphatikiza theka ankapeza ziwiri mwa zinayi.

Lachisanu mayina anamatidwa pachitseko. Ndinawerenga katatu. Ana a azibambo onse aja analipo, pamodzi ndi ena anayi amene masamu ankawatha ndithu. Langa panalibe.

Ndinapita ku ofesi, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo popanda kutumidwa. Ndinawapeza akudya chimanga chootcha.

"Sala, dzina langa palibe."

"Ndikudziwa. Ndalemba ndine." Anapukuta m'manja pa thalauza. "Iwe tili nawe pulani ina. Pasukulu pano mphunzitsi wa masamu ndi mmodzi, eti? Ndiye ndikakhala uko ndi khumi ndi awiriwo, otsalawa akhala ndi ndani? Iwe uzikhala nawo. Uziwalembera pabolodi, olephera uziwathandiza. Umenewo ndi udindo, mphwanga."

"Koma ine ndimafuna adishonolo, sala."

"Adishonolo imafuna munthu womasuka, wofunsa mafunso. Iwe chibwerere pano wafunsapo funso?"

Ndiye kuti ndinali wofatsa kwambiri moti sindikanatha kukhala pansi n'kumvetsera, koma womasuka mokwanira kuimirira pamaso pa anthu makumi asanu ndi limodzi. Izi ndinaziganiza pompo, koma pakamwa sizinatuluke.

"Ngati sukukhutira, ubwere ndi kholo," anatero, akubwerera ku chimanga chawo.

Kaundula wa ana amasiye, momwe munali dzina langa, ankasunga ndi iwo omwewo.

Ndinawauza agogo madzulo ake akusenda mtedza. Anati apita. Lolemba anavala chitenje chawo cha kutchalitchi, n'kumanga mtedza wosenda m'jumbo, ngakhale ndinawaletsa. Njira yonse ndinkawabwerezera mawu oti akanene: mwanayu alowe m'kalasi ya mabuku khumi ndi awiri, china chilichonse ayi.

"Amuna anga, musandiphunzitse kuyankhula," anatero, monga ankanditchulira akafuna kundiseka. "Ndalera amanu, ndalera inu. Ndikalephere mphunzitsi?"

Mu ofesi anakana mpando, anakhala pansi pafupi ndi chitseko. Aphunzitsi anaimirira, n'kuwapatsa moni ndi manja awiri. Anafunsa za kumudzi, za mvula, za miyendo ngati ikuwalola kupita kumunda. Ulemu wotere agogo sanaulandirepo kwa munthu wovala tayi. Ndinaona mapewa awo akutsika.

"Agogo, mwachita bwino kubwera, tikanakuitanani ife. Mdzukulu wanuyu tamukweza. Kuyambira lero azithandizana ndi ine kuphunzitsa anzake."

"Kuphunzitsa? Ameneyu?"

"Yemweyu. Pa ana onsewa tasankha iye yekha."

Agogo anaomba m'manja pang'onopang'ono, n'kunditembenukira. "Eti iwe, ukumva?"

Ndisawanamizire, anayesako. Anafunsa kuti, "Nanga za mabuku zija amandiuza m'njiramu, aphunzitsi?"

"Amenewo ndi a ana ofunika kuwakankha, agogo. Wanuyu ndi wanzeru kale. Kodi munthu wokhuta mumamupatsanso mbale ina?"

Anaseka onse awiri. Agogo anapereka jumbo ija atagwira chigongono, ndipo aphunzitsi anailandira n'kuiika pamwamba pa kabati yomwe ija. Ine ndinali chiimire pakhoma, manja kumbuyo. Ndikanatha kunena kuti akunama. Mawu ake ndinali nawo, oyalidwa bwino. Koma kuti ndiwanene kunali kuuza agogo pamaso pa mlendo kuti apusitsidwa, ndiponso, ndinene zoona, ndinkaopa. Mpaka lero ndikakumbukira mnyamata uja ali pakhoma, sindimumvera chisoni kwenikweni.

Agogo sanadikire n'komwe kuti akafike kunyumba. Ndinamva pambuyo pake kuti anaima pamjigo n'kuuza amayi onse kuti mdzukulu wawo ndi mphunzitsi tsopano. Kutchalitchi azimayi anzawo ankandipatsa moni wa "aphunzitsi" mpaka ndinamaliza sukulu. Sindinawauze agogo chimene chinachitika mu ofesi muja, ndipo anamwalira akunyadabe.

Aphunzitsi aja ndimakumana nawo nthawi zina pamsika wa Nsaru. Anapuma ntchito, koma makiyi akadali nawo. Amauza aliyense ali pafupi kuti ine ndi chipatso chawo, kuti anandiona ndili mwana kuti ndili ndi mphatso. Pamenepo sanama. Anaionadi.

Lolemba lomwe lija, agogo atapita, titabwera kopuma, inakwana nthawi yoyamba ya adishonolo. Aphunzitsi analowa atanyamula mabuku aja pachifuwa, n'kuyamba kuitana mayina. Aliyense woitanidwa ankapita kutsogolo, n'kulandira buku, n'kunyamula mpando wake kupita chipinda chinacho. Mwana wa mkulu wa mpingo analinunkhiza lake. Mwana wa bambo wa soya sanalitsegule n'komwe, anayamba kudzikupiza nalo, chifukwa kunkatentha. Podutsa pa desiki yanga anawerama.

"Aise, homuweki ya zimenezi uzindipangira, eti? Ndizikubweretsera mandasi."

Ndinkayang'ana buku lomaliza likuchoka m'manja mwa aphunzitsi, kupita kwa mtsikana wa apampando a komiti, amene ankalira chifukwa sankalifuna.

Atatuluka onse khumi ndi awiri, m'kalasi munatsala mipata ngati m'kamwa mwa nkhalamba. Otsalawo anali atamva kale. Wina kumbuyo anati, "Asala atsopano, lero mutiphunzitsa chiyani?" Anzake anaseka, ena n'kuyamba kumenya madesiki.

Makiyi anamvekanso pakhonde, ndipo phokoso linatha. Aphunzitsi anaima pakhomo, osalowa, n'kundikodola ndi chala. Ndinapita. Anatulutsa m'thumba la malaya zidutswa ziwiri za choko, n'kuziika pa buku la masamu wamba, lija lopanda chikuto limene ndinalimaliza patchuthi.

"Mutu woyamba, zitsanzo zonse. Ulembe zooneka. Olongolola uwalembe mayina."

Anandiika zonsezo m'manja, n'kutembenuka, makiyi akulira kulowera chipinda chinacho.