Tchipi munaiyeza mwendo uliwonse

Achimwene Saidi, lero pashopu pathu pokonzera zamagetsi ku Liwonde kachipangizo kolowetsera pulogalamu kakananso kuona tchipi, kachidutswa kakuda ka miyendo yambiri kamene kamakhala ngati ubongo wa makina. Ndalumikiza mawaya, ndadina, kompyuta yangoti palibe kanthu, ndiye mwandibwerera mumtima. Mukukumbuka tchipi ija yoyendetsa pampu yothirira dimba ku Rivirivi? Ine ndinati yapsa, tiitaye. Inu munandilanda n'kunena kuti, "Iyayi, sitilengeza maliro tisanamugwire munthu pamtima." Munatenga mita yoyezera magetsi n'kuyamba kuyeza mwendo umodziumodzi wa tchipiyo, mpaka munapeza kuti waya wa girawundi, wobwezera magetsi, wathothoka. Mutangowotcherera, kompyuta inaizindikira pompo, inu n'kuseka mpaka kutsokomola.

Chifuwa chomwecho ndi chimene chinakutengani chaka chatha, mwezi ngati uno. Tinapita nanu kuchipatala kangapo, koma madokotala ankangokuyang'anani ali chikhalire, n'kukulemberani mapiritsi a chimfine, ati mubwerenso chikapitirira. Anthu amandiuza kuti ndi chifuniro cha Mulungu, ndisamadandaule. Ine ndimadandaula basi. Kanthu kochepa ngati chikhadabo munakapatsa masana athunthu, achimwene. Koma inu, munthu wopuma, palibe anadzuka pampando kuti akumvereni pachifuwa.