Che Wadi ndi Nyenyezi Yosawala

Ku Makanjira wailesi ikhoza kulengeza kuti mwezi waoneka, koma anthu a mzikiti wakumtunda sankayamba kusala kudya mpaka Che Wadi atanena. Ntchito yawo ndi utelala, makina awo ali pakhonde la nyumba. Koma chimene chinawabukitsa ndi maso. Kwa zaka makumi atatu ankakwera pachulu kuseri kwa mzikiti kukayang'ana mwezi watsopano wa Ramadani, osaphonya ngakhale kamodzi.

Anthu sankadziwa kuti maso aja anali atayamba kuchita chifunga. Ulusi ankawalowetsera m'singano ndi akazi awo, a Ajira. Mwezi wa zaka ziwiri zapitazi anauonanso ndi a Ajira omwewo, ataima patsinde pa chulu ngati akutola nkhuni, kenako n'kukhosomola kawiri powadziwitsa kuti waoneka. Chinsinsi chotere chimam'sandutsa munthu nkhuku yofungatira, aliyense wodutsa pafupi amamuyesa wakuba mazira.

Tsiku lina mwana wawo Hidaya, amene amaphunzitsa ku Mangochi boma, anabwera kudzacheza. Atakhala pakhonde paja anayamba kuwerenga nkhani pafoni.

"Ababa, akuti apeza nyenyezi ina yoyandikana ndi dzuwa lathu kuposa zinzake zambiri. Ndi yozizira kuposa madzi oundana, ndipo siwala. Akuti inalephera kuyaka."

"Siwala? Ndiye aiona bwanji?"

"Ndi makina amene anawaponya kumwamba, omva kutentha ngakhale kochepetsetsa. Yakhalapo kuyambira kalekale, koma maso a munthu sangaione, kaya akhale akuthwa bwanji."

Che Wadi anaimitsa phazi pamakina. Chibadwire mwana ameneyu sanakambepo za nyenyezi. Lero, kutatsala sabata imodzi kuti Ramadani iyambe, akubwera ndi chinthu cholephera kuyaka ndiponso makina oposa maso? Komanso pofika paja anamumva akucheza ndi Shehe Ayub panjira, nthawi yaitali ndithu. Mtima unawapweteka kwambiri.

"Wakutuma ndani?"

"Kundituma chiyani, ababa?" anafunsa Hidaya uku akuseka, ndipo kwa Che Wadi kusekako kunangotsimikiza zonse.

M'mawa mwake analawirira kumzikiti. Anapeza Shehe akusesa pakhonde.

"Shehe, ngati mwatopa nane nenani nokha. Osanditumizira mwana wanga yemwe ndi nthano za nyenyezi."

"Nyenyezi ziti, Che Wadi?"

"Musachite ngati simukudziwa. Inde, maso anga achita chifunga, mwezi sindikuuonanso. Nanga ndi mlandu? Wakuuzani ndani?"

Shehe anatsamiritsa tsache kukhoma n'kuwayang'ana modabwa. M'pamene Che Wadi anazindikira kuti munthuyu sankadziwa kanthu. Zimene ankacheza ndi Hidaya zinali za mabuku a ana a madrasa, sukulu ya pamzikitipo, basi.

"Mwandiuza ndinu, panopa," anatero Shehe ndi mawu otsika. "Pepani kwambiri. Chaka chino tipempha wina akwere pachulu."

Che Wadi anatembenuka kuti azipita. Shehe anawatsatira n'kuwagwira mkono.

"Pang'onopang'ono, pali sitepe apa."

Sitepeyo Che Wadi ankaidziwa bwino, poiwaka anaponda nawo matope iwo omwe. Koma mkonowo sanauchotse.