Dzenje pa Phazi la Mwana Wanga

Sukulu ndinalekezera sitandade 5. Komiti ya m'mudzi itandisankha kuti ndikaphunzire ulezi wa ana a mkombaphala ku Neno boma, chimene ndinkaopa chinali cholembera basi. Ndinali nditatha zaka ziwiri ndikuphikira ana phala ndi kuwaimbitsa nyimbo kuseri kwa tchalitchi, koma pepala ndinalibe, ndipo a komiti anati boma likufuna mlezi wophunzitsidwa.

Ntchito ya anayo ndinaiyamba mwana wanga wamkazi atamwalira. Anali mmodzi yekhayo, wa zaka ziwiri. Nditadwala malungo mkaka unauma, ndiye ndinamusiyitsa kuyamwa n'kumamupatsa phala la ufa woyera lothira mchere, m'mawa ndi madzulo. Patapita miyezi anayamba kutupa mapazi ndi masaya. Poyamba ndinasangalala, ndimati akunenepa. Tsiku lina ndikumusambitsa ndinadinikiza phazi lake ndi chala, ndipo panatsala dzenje losabwerera. Ndinathamangira kwa mayi aakulu, akulu awo a mayi anga, kukawaonetsa.

Anadinikiza nawonso, n'kundiyang'ana. "Ili ndi tsempho. Bambo ake ayenda ndi mkazi wina, n'kubwera kudzanyamula mwana. Kodi ku Lisungwi kuja amagona kuti?"

Mwamuna wanga anali mkamwini wochokera cha ku Nsambe. Ankatenga mtedza ndi nyemba za m'munda mwathu pa njinga kukagulitsa ku Lisungwi, ndipo nthawi zina ankagona komweko. Anakana. Analumbira pamaso pa ankhoswe, anagwetsa misozi. Ine sindinamumvere. Tinataya masabata tikumwetsa mwana mankhwala a zitsamba ndi kukakamiza bambo ake kuti aulule. Pamene tinkafika naye kuchipatala n'kuti atasiya kale kulira. Maliro atatha, ndinamuikira mwamuna wanga zovala ndi khasu lake pakhonde. Abale anga anamuuza kuti asadzapondenso kumanda kwathu.

Ku boma tinalipo alezi ambiri, ogona m'chipinda chimodzi kwa masabata awiri. Tinaphunzira kusoka zidole za nsanza, kupanga mipira ya mapepala, kugawa ngodya za masewera. Zimenezo manja anga ankazidziwa. Mnzanga wina wa ku Lisungwi ankandiseka polemba. "Mayi inu, chilembo chimodzi mpaka tiyi kuzizira?" Ndinkaseka nawo.

Sabata yachiwiri kunabwera namwino kudzatiphunzitsa za zakudya. Anatchula magulu asanu ndi limodzi, anatipatsa kalamba koyezera mkono wa mwana, kenako anapachika chithunzi. Mwana wa pachithunzipo anali ndi masaya otupa, tsitsi lofiirira lopyapyala, mapazi ngati mbatata.

"Mwana wotereyu sananenepe ayi," anatero namwinoyo. "M'thupimo ndi madzi. Wasowa zakudya zomanga thupi. Mudinikize pamwamba pa mapazi onse awiri, muwerenge mpaka katatu. Dzenje likatsala, kuchipatala tsiku lomwelo. Ambiri amachira."

Wina kumbuyo anafunsa ngati si tsempho. Namwinoyo sanaseke. Anangoti, "Mayi, mankhwala ake ali m'nkhokwe mwanu. Nsinjiro za mtedza, nyemba, dzira, usipa wosinja. Muziika m'phala."

Ndinasiya kulemba, maso ali pa mapazi a mwana wa pachithunzi uja. Mnzanga uja anandigwedeza, ati kodi ndagona. Ndinamuuza kuti mutu ukundiwawa.

Pa mayeso, ife olemba pang'onopang'ono anatifunsa pakamwa ndi kutiuza kuti tionetse ndi manja. Anandipatsa chidole n'kuti ndiyeze kutupa. Ndinagwira timapazi tiwiri m'manja, zala zazikulu pamwamba, ndikuwerenga. Woyesayo anauza anzanga kuti aonere kwa ine. "Mayi awa achita ngati anazionapo." Anandiombera m'manja. Satifiketi ndinalandira Lachisanu, dzina langa litalembedwa bwinobwino, ndipo ndinaikulunga m'chitenje osaionanso.

Nditabwerera kumudzi ndinatha mwezi ndisananene kwa munthu chimene chinapha mwana wanga. Mayi aakulu anali atakalamba, osaonanso bwino, ndipo sindinafune kuwasenzetsa. Koma panali munthu mmodzi amene mudzi wonse unkamudziwa kuti anapha mwana wake ndi chigololo, ndipo wonena zimenezo mokweza ndinali ine. Loweruka lina ndinanyamuka wapansi kupita kwawo.

Ndinamupeza akukonza tcheni cha njinga. Anali atakwatiranso. Mkazi wake anandiyalira mphasa, anandipatsa moni, n'kupita kudimba.

"Kwagwanji, mayi?" anafunsa, osasiya tchenicho.

"Bambo, ndabwera kudzanena kuti ndinakunamizirani. Mwana uja silinali tsempho."

"Zimenezo ndinkazidziwa. Ndinakuuzani pamaso pa ankhoswe." Anapukuta manja pa buluku. "Chimene sindikudziwa mpaka lero n'chakuti chinamupha n'chiyani. Inu mwachidziwa?"

Ndinafotokoza monga anatiphunzitsira, za madzi m'thupi, za phala la ufa woyera. Ndinati wolakwa ndine, chifukwa wophika ndinali ine. Ndikanalekezera pomwepo. Koma pakamwa panapitirira ngati ndili pa mayeso, ndinatchula nsinjiro, nyemba, dzira.

Anayang'ana njinga ija. "Mtedza," anatero. "Nyemba. Zimene ndinkamanga pa kaliyala apa."

"Simunkadziwa."

"Ndinkasesa nkhokwe yonse. Mwana uja ankabwera kudzatola totsalira pansi, ine n'kumulanda, ndimati atsamwa."

Ndinapita kukamutula katundu amene ndinamusenzetsa, ndipo ndinamusiyira wina. Zaka zonsezo ankagona podziwa kuti m'manja mwake ndi moyera. Mpaka lero sindidziwa ngati ulendo umenewo ndinayendera iye kapena ine mwini.

Asanandiperekeze anapempha chinthu chimodzi, kuti aone manda. Ndinakalankhula ndi amalume, ndinanena zonse pamaso pa abale, kuti mawu anga aja ndawabweza. Ena anang'ung'udza, koma analola. Anabwera mvula itatha. Analambula pamandapo ndi khasu lake lomwe lija, ine nditaima patali.

Popita anadutsira kusukulu n'kutsitsa kathumba ka mtedza pakhomo. Sanalowe. Ana anathamangira kukaona njinga, iye anangowapatuka n'kukwera.

Satifiketi ili pakhoma la sukulu, a komiti anaiika m'galasi. Kunyumba kwanga sindinaifune. Lolemba lililonse ana akavula nsapato, amene ali nazo, ndimawakhazika pamzere n'kugwira mapazi a aliyense. Amaseka, amati ndikuwagirigisha. Chaka chatha dzenje linatsala pa phazi la kamtsikana kena, ndipo agogo ake anayamba kunong'ona za bambo ake. Ndinakabereka ndekha kupita nako kuchipatala asanamalize kunong'onako. Kanachira, ndipo pano kamavuta pa mzere wa phala.

Mtedza uja ndinaukazinga n'kuusinja ndekha. Unatikwanira masabata atatu. Ana ankanyambita makapu, ine sindinalaweko.