Mafoni m'beseni

Ine sindikhulupirira munthu msanga, ndiye kabokosi ndingakakhulupirire bwanji? Nditabwera kuno ku Joni kudzalera ana a mwana wanga wamkazi ku Robega, ndinapeza kabokosi ka waifai kali pakhoma la a mastande, eni malo amene timachitapo lendi. Zipinda zonse zakuseri zimayamwa pamenepo: anyamata a ku mgodi, mayi wina wa ku Tete, ndi ife.

Chaka chimenecho mdzukulu wanga amene ndinamulera ndekha ku Ntcheu anapeza mwamuna, ndipo chinkhoswe anachiika Loweruka masana. Kupita sikukanatheka, anati ndidzaonera pa foni. Ine ndinkafuna chinthu chimodzi basi, kuona maso a mnyamatayo pamene akulandira mdzukulu wangayo. Zithunzi anatumiza, koma chithunzi munthu amachikonzekera.

Vuto linali lakuti ndikaimbira mng'ono wanga kumudzi pa vidiyo, nkhope yake inkauma kukamwa kuli yasa, mawu n'kumabwera zidutswazidutswa. Chonsecho timakanema ta magule tomwe anyamata aja ankaonera sitinkapunthwa n'komwe. Ndinafunsa mkamwini wanga. Anatsegula pa foni kanthu kokhala ndi muvi ngati sikelo ya kubutchala, muvi unakwera, iye n'kuti netiweki ili bwino. Ndinamuuza kuti wogulitsa nyama amadziwa tsiku lobwera oyeza masikelo. Ngati a kampani ya netiweki angazindikire kuti uyu akutiyeza, angalephere kumutsegulira njira? Ndipo wotsegulira muvi ndi magule akhozanso kufinya mawu a nkhalamba. Iye anaseka, nati kanema amafika msanga n'kudikirira m'foni, pamene mawu a munthu wamoyo ayenera kufika nthawi yomweyo. Mwina n'zoona. Mpaka lero sindinatsimikize.

Ndiye ndinapanga sikelo yangayanga. Ndinauza mng'ono wanga kuti ndikamuimbira azitchula ana onse a mtundu wathu motsatana, kuyambira wamkulu. Ndimawadziwa ngati zala zanga, choncho akasowa mmodzi ndiye kuti netiweki yamumeza. Ndinayeza pampopi, ndinayeza pachingwe choyanika zovala, ndinayeza pansi pa windo la a mastande mpaka anasuzumira n'kundifunsa kuti Koko (ndiye kuti agogo m'chinenero chawo), mwataya chiyani. M'mawa, anyamata ali pansi pa mgodi, pafupifupi ana onse ankafika. Akangoweruka n'kugwira mafoni awo, theka la mtundu wathu linkathera m'njira. Panali mwana mmodzi amene ankasowa ngakhale m'mawa. Nditapanikiza, mng'ono wanga anaulula kuti amamudumpha dala chifukwa anakana kumufolerera khitchini.

Tsono Loweruka masana aliyense amakhala pakhomo. Ndinayenda chitseko ndi chitseko kupempha kuti tsikulo azimitse mafoni. Onse anavomera msangamsanga, ndipo kuvomera kotero ine kumandidetsa nkhawa. Tsiku litafika ndinatenga beseni lochapira n'kubwereranso m'zitseko zomwe zija.

"Agogo, kodi mwalowa upolisi?" anafunsa mnyamata wina.

"Apolisi sabweza. Ine ndibweza. Zimitsani ndikuona."

Mayi wa ku Tete uja ndiye anayamba kuponyamo foni yake, akuseka, n'kundinong'oneza kuti wa chipinda chakumapeto ali ndi awiri. Ndinabwerera, yachiwiriyo inatuluka m'jombo. Ya mwana wanga ndi ya mkamwini inalowanso. Ndinavindikira beseni ndi chitenje n'kuliika pansi pa mpando wanga.

Anthu opanda kanthu m'manja amasowa kolowera. Mmodzimmodzi anabwera kudzaima kumbuyo kwanga, ena atanyamula makreti okhalira, mpaka akazi a mastande anatulutsa mpando wawo. Ndinaimba. Mng'ono wanga anatchula ana, ndipo anafika onse, ngakhale wa khitchini uja.

Tinaona atsikana akubwera atafunditsidwa zitenje, ankhoswe akunamiza mnyamata kuti wako ndi uyu, iye akukana. Anyamata a ku mgodi ankamulangiza ngati akuwamva. Atamupeza wake, ndinauza mng'ono wanga kuti ayandikitse foni kwa mnyamatayo. Nkhope inadzaza galasi lonse, yosauma, thukuta likuoneka pamphuno. Ndinamuyang'ana m'maso. Sanathawitse maso.

"Agogo, ndidzamusamala," anatero, ndipo palibe liwu linaduka.

"Ndamva, bambo. Ndakuonani."

Mayi wa ku Tete anayambitsa nthungululu, akazi a mastande n'kulandira mwa kwawo, anyamata akumenya makreti ngati ng'oma. Kumudzi anamva phokosolo n'kufunsa ngati kunonso kuli chinkhoswe.

Pobweza mafoni aliyense ndinamuuza kuti ayatse yake pamaso panga, asadzanene kuti ndinasinthanitsa. Mkamwini anafunsa ngati tsopano ndakakhulupirira kabokosi kaja. Ndinati kandionetsa maso a mnyamata, ndipo ndi maso abwino. Komabe mng'ono wanga ndinamuuza kuti azimuyang'anitsitsa.