Nthungululu za Kutsidya kwa Dambo

Mukafika pamsika wa Mfuwe n'kufunsa za Tabeth wa vitumbuwa, palibe angakulozereni ndi chala. Angokuuzani kuti, "Tcherani khutu, mumumva." Mayi ameneyu Mulungu anamupatsa pakhosi. Akati aitane ogula, ngakhale makondakitala a minibasi za ku Chipata amayamba akhala chete kuti amalize. Kumudzi kwawo, mwana aliyense akamatuluka m'chikuta, paja mchombo ukagwa khanda amalionetsa kwa anthu, nthungululu yoyamba inkakhala ya Tabeth. Anatha zaka eyiti akululutira ana a anzake, iye wake kulibe.

Ndiye chaka chatha mwayi unamugwera, anabereka mwana wamwamuna. Koma abale inu, makutu amene anabwera nawo kuchokera kuchipatala! Supuni ikagwa pansi, Tabeth ankadzidzimuka ngati wamenyedwa khofi. Tambala akalira, mtima uli thi thi thi. Wailesi ya kwa aneba, munsi mumtondo, ngakhale mwamuna wake Hosea akamakukuta chimanga chokazinga, zonse zinkamulasa m'mutu. Kulira kwa khanda lake ankapirira, komabe ankapirira akulira nalo limodzi.

"Si misala ayi, amayi," anatero nesi wa kukiliniki atamufotokozera. "Azimayi ena akangochira zimawachitikira. Muzipuma mokwanira, zikapitirira mubwerenso."

Mchombo unagwa Lachiwiri. Masana omwewo apongozi ake, a Esnati, analowa m'nyumba nkhope ili mwee.

"Loweruka timutulutsa mwanayu. Azimayi onse akonzeka, akuti adzakubwezera nthungululu zako zonse tsiku limodzi!"

Tabeth anangoti kukamwa yasa. Awaletse? Ndiye kuti mwana amene anamudikira zaka zonsezi atuluke kuli zii ngati mbuzi yobedwa, anthu n'kumanena kuti mwana mmodzi yemweyo wamuyambitsa matama. Awalole? Ankadziwa kuti adzathawa atatseka makutu, pamaso pa mudzi wonse. Apongozi atatuluka analira, ndipo anamuuza Hosea zonse monong'ona.

Hosea ndi munthu wosayankhulayankhula. Ntchito yake ndi yoyenda pansi ndi alendo m'paki, kuwafikitsa pafupi ndi njovu, njovuzo osadziwa kanthu. M'thumba la shati sasowa kansanza komangamo phulusa. Akakagwedeza, phulusa limamuonetsa kumene mphepo ikupita, iye n'kuimika alendo ake mbali yoti fungo ndi phokoso lawo zisafike kwa nyama.

"Amake mwana, zisiyeni kwa ine," anangoyankha choncho basi.

Loweruka cha m'ma naini azimayi anadzaza panjira, zitenje zatsopano zili mbee, ena atayamba kale kukonza pakhosi. Hosea anawatchingira asanafike pabwalo. Anatulutsa kansanza kaja, n'kukagwedeza. Phulusa linauluka kulowera kudambo.

"Mwadzuka bwanji amayi nonse? Tiyeni tikaime kutsidya uko, pamlambe paja."

"Iwe Hosea!" anatero a Esnati atagwira m'chiuno. "Wationa ngati ndife njovu zako ife?"

"Ayi amama, inu ndinu alendo anga. Njovu lero ndi mpongozi wanu, ili ndi mwana. Ikadzidzimuka, ine sindiyankhapo."

Azimayi anafa nacho chiseko, koma atagwira pakamwa. Hosea anawalongosolera za makutu a mnzawo, ndipo palibe ananyinyirika. Wina anati, "Tabeth yemweyu kuopa phokoso? Ndiye amve mmene timamvera ife!" Anandondozana mzere umodzi, Hosea patsogolo dzanja lili m'mwamba, azimayi aakuluakulu akunyang'ama ngati azungu oona nyama. Ndikanakhala ndi foni tsiku limenelo ndikanajambula, ndithu.

A Esnati okha ndiwo anatsala. Anavula patapata kuti asamveke, n'kunyamula khanda. Tabeth anawatsatira pakhomo, manja ali okonzeka kutseka makutu. Apongozi anakweza mwana m'mwamba. Kutsidya kuja Hosea anatsitsa dzanja.

Nthungululu zinaphulika pamlambe mpaka mbalame kubalalika. Koma mphepo inazikankhira kutali, ndipo pakhomo zinangofika pang'onopang'ono, zofewa ngati madzi othira m'kapu. Tabeth sanadzidzimuke. Manja aja anatsika okha. Ndipo makutu omwe anamuzunza masiku onsewo anayamba kumusankhira mawu mmodzimmodzi.

"Uyo ndi Lillian," ananong'ona. "Ndinalulutira mapasa ake. Uyo wosasa mawuyo ndi Winnie. Amama, ngakhale Thandi wabwera, amene tinayambana chifukwa cha malo pamsika!"

"Onse abwera, mwananga. Palibe watsala."

Tabeth anasangalala mpaka misozi kugwera pachitenje cha mwana. Koma panali chimodzi chosowa: m'mudzi mwawo mwana satuluka popanda nthungululu ya Tabeth. Anatenga khanda lake m'manja mwa apongozi, anawerama, n'kululuta chapansipansi, kamawu kochepa koti nkhuku imene inkatola zakudya pafupi sinatembenuke n'komwe.

Makutu anachira patatha miyezi iwiri, ndipo lero pamsika makondakitala ayambanso kumupatsa mpata. Koma mukamufunsa nthungululu yake yopambana pa zonse, satchula za maukwati kapena za kutchalitchi ayi. Amatchula ija anaimva anthu atatu okha: iye, apongozi ake, ndi mwana wake Gideon.