Njira ya ku Annobón imene ndinauzidwa chitseko chili chotseka

Anzanga, nkhani iyi sindinaimve kwa munthu ayi, inandichitikira ine mwini masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo amene akufuna kunena kuti kutentha kwa kuno kunandisokoneza mutu anene, koma ine ndikudziwa zimene makutu anga anamva.

Nthawi ya Covid ija ndinkagwira usekyuliti ku Doha, ndipo kampani yathu inanditumiza ku hotela ina ya ku Al Dafna imene anaisandutsa malo a kwalantini. Ntchito yanga inali kukhala pampando m'khonde la nsanjika imodzi, masiki kukamwa, kuonetsetsa kuti mlendo asatuluke m'chipinda ndiponso munthu asalowemo. Chakudya ankachisiya pakhomo, kugogoda, n'kuchokapo. Tinali ndi khadi lotsegulira zipinda zonse loti tigwiritse ntchito moto ukabuka basi, ndipo anatiuziratu kuti mlonda akangotsegula chitseko cha mlendo popanda chifukwa, khalas, ntchito yatha.

M'chipinda choyandikana ndi mpando wanga munali bambo ena achikulire, akuda ngati ine ndemwe, amene ndinangowaona kamodzi tsiku limene anafika. Anabwera kudzakonza mainjini a sitima za pamadzi. Kusungulumwa kutawakwana anayamba kundilankhula chitseko chili chotseka, Chingerezi chawo chothyokathyoka, changanso chimodzimodzi, koma tinkamvana. Atandiuza kuti kwawo amalankhula Chisipanishi ndinaseka, poti ine ndinkadziwa kuti chimenecho n'chilankhulo cha anyamata a mpira aja a ku Ulaya ndi ku South America, nanga munthu wa kwathu ku Africa chinamupeza bwanji? Iwo anandilongosolera kuti dziko lawo ndi Equatorial Guinea, kadziko kopanikizika pakati pa Cameroon ndi Gabon, kotentha, ka mvula yosaleka ndi nkhalango zoti dzuwa silifika pansi. Anati mzinda wa Malabo uli pachilumba cha phiri lalitali, pamene anthu ambiri amakhala kumtunda kumene kuli mzinda wa Bata, ndipo atandiuza kuchuluka kwa anthu a dziko lonselo ndinaona kuti boma la Lilongwe lokha limawaposa. Iwowo kwawo kunali ku Annobón, kachilumba kakutali m'nyanja yamchere, kumene mwana wamwamuna amakulira m'bwato.

Lachisanu lina ndinalowa ntchito m'mawa n'kuona kuti chakudya chawo sanachitenge, koma ndinangoti agonereza, poti masiku amenewo chifuwa chinkawavuta ndipo manesi ankawayendera. Chakumasana, azana yoitanira anthu ku mapemphero a Juma itangomveka, ndinamva kugogoda kuchokera m'kati, kenako mawu awo, osalala bwinobwino, opanda n'kutsokomola komwe. Anandiuza kuti akupita kwawo ndipo akufuna ndiwaperekeze, choncho ndimvetsere njira. Ndinayesa nthabwala, ndinawafunsa ngati a kwalantini awapatsa tchuthi, koma iwo sanaseke. Anati tikwera ndege kudzera ku Addis Ababa mpaka ku Malabo, ndipo ine monga mlendo ndisaiwale viza ndi khadi la katemera wa yellow fever chifukwa popanda zimenezo sakandilola kulowa. Ku Malabo tikadikira sitima ya pamadzi imene sinyamuka tsiku lililonse, ndipo tikakafika pachilumba cha Annobón ndikafunse nyumba ya mlongo wawo pafupi ndi tchalitchi. Anandibwerezetsa njirayo mpaka ndinainena ndekha osalakwitsa, ine khutu lili pachitseko ngati mwana wa sukulu.

Atatero anati, “Tsegula, mwana wanga, undinyamulire chikwamachi. Ndekha sinditha.”

Lamulo ndinkalidziwa, banja langa ku Machinga linkadalira ntchito imeneyo, koma munthu wamkulu akakupempha motero mungatani inu? Ndinatulutsa khadi lija m'thumba, ndipo dzanja linali litafika kale pachitseko pamene lifiti inatseguka n'kutuluka nesi wina wa ku Philippines, atavala zodzitetezera zake zija, akubwera kudzayeza anthu kutentha kwa thupi. Anandifunsa chimene ndikuchita, ine ndinati bambo a muno akupempha thandizo. Anagogoda, zii. Anaitana dzina lawo, anaimbira foni ya m'chipindamo, tinkaimva ikulira yokha. Pamenepo anaitana manijala ndi dokotala, ndipo ndi iwo amene anatsegula.

Ine ndinaima patali m'khondemo koma ndinaona. Bambowo anali chigonere pabedi atafunda mpaka pachifuwa, ndipo chikwama chawo chinali chotseka, chitaimikidwa kuseri kwa chitseko penipeni. Dokotala atatuluka anauza manijala, ine ndikumva, kuti munthuyo anamwalira kusanache, thupi linali litazizira kale n'kuuma.

Ine ndinangokhala pansi pakapeti. Madzulo ake supavaiza wathu anandiitana n'kundionetsa zimene kamera ya m'khonde inajambula: ine nditatsamira chitseko nthawi yaitali, ndikugwedeza mutu, ndikuwerenga zala. Makamera aja sajambula mawu. Anandifunsa kuti ndinkalankhula ndi ndani, ndipo ndinadziwa kuti ndikanena zoona andilemba kuti mutu wasokonekera n'kundikweza ndege, choncho ndinangoti ndinkamvetsera ngati mlendoyo akupuma. Iye anangondiuza kuti mawa ndibwerere pampando womwewo.

Ndinabwererako, koma chitseko chilichonse chikagogodedwa ndinkadzidzimuka. Mwayi wanga, nthawi yomweyo n'kuti lamulo latsopano litayamba loti munthu angathe kusintha ntchito osapempha chilolezo kwa bwana wake, ndiye ndinapereka notisi n'kupeza ntchito m'shopu ina ku Bin Mahmoud. Za bambo aja ndinangomva kuti anawaika konkuno, poti maliro a matenda amenewo kuwanyamula pandege kunali kovuta.

Shehe wina wa kwathu amene timapemphera naye anandiuza kuti ndisaope, ndiziwapempherera chabe. Ine lero ndimakhulupirira kuti sichinali chiwanda, anali munthu amene anaona kuti akutsala m'mchenga wa eni ndipo anafuna wina adziwe kumene anachokera. Komabe chimene chikanandichitikira ndikanatsegula ndekha sindichidziwa, ndipo sindifuna kuchidziwa.

Inu amene muli kunja kuno, mukaitanidwa kuseri kwa chitseko chotseka, musatsegule muli nokha, yambani mwaitana mnzanu. Ndiponso amene mumagona naye chipinda chimodzi mumuuze mudzi wanu, mfumu yanu ndi m'bale woti auzidwe, mumuuze lero muli moyo, musadzachite kuvutitsa mwana wa eni mutapita kale.